LUMO LOBUNTHA NDI DZANJA LOLEMERA

Aphunzitsi anzanga, funso limene ndikufuna kuti tiliganizire pamodzi ndi ili: mwana akalephera kumva phunziro, ife n'kupsa mtima ndi kumukalipira kapena kumuchititsa manyazi pamaso pa anzake, cholakwa chimakhala cha yani? Ambirife tili nalo kale yankho. Timati mwanayo ndi wosamva, ndi waulesi, kwawo sanamulere bwino. Nthawi zina zimenezi zimakhala zoona. Koma ine ndaphunzitsa ana kusukulu ya pulayimale kufikira ndinapuma pa ntchito, ndaphunzitsanso Sande Sukulu zaka zambiri, ndipo ndaona kuti yankho limeneli timalipeza msanga kwambiri chifukwa ndi limene silitipweteka. Ndiyamba ndi nkhani ya lumo lometera ndevu, popeza ndi kumeneko kumene ndinapeza yankho lina, ngakhale ndinalizindikira mochedwa.

Lumo la amalume

Ndili mnyamata, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, ndinkakhala ndi amalume anga ku Ndirande. Iwo anali ometa. Malo awo anali pansi pa mtengo wa mango kufupi ndi msika: mpando umodzi, kalilole wopachika pa msomali, beseni la madzi, sopo, burashi, lamba wachikopa womangirira ku mtengo womwewo, ndi mwala wonolera umene ankausunga wokulunga m'kansalu. Loweruka masana abambo ochokera kuntchito m'tauni ankakhala pamzere kudikira kumeta, kuti m'mawa mwake akaoneke bwino kutchalitchi. Ntchito yanga inali kutunga madzi ndi kusesa tsitsi.

Lumo lawo linali la mtundu wopinda, lokhala ndi chogwirira, ndipo pachitsulo pake panalembedwa dzina la mzinda wa Sheffield. Mzinda umenewu wa ku England, pamodzi ndi Solingen wa ku Germany, unatchuka kwambiri ndi kusula mipeni ndi malumo. Lumo lotere silinali lotaya. Munthu ankaligula kamodzi n'kulisamala moyo wake wonse, mwinanso n'kusiyira mwana wake. Malezala otaya anabwera pambuyo. King Gillette wa ku America anapatsidwa chilolezo cha umwini wa lezala lake mu 1904, ndipo pang'onopang'ono anthu anazolowera kutaya chitsulo chikabuntha m'malo mochinola. Lero ometa a ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa amagwiritsa ntchito makina amagetsi ndi malezala atsopano. Zimenezi zili bwino. Chiyambire 1985, pamene matenda a Edzi anapezeka koyamba m'dziko muno, tonse tinaphunzira kuti chitsulo chimene chakhudza magazi a munthu mmodzi sichiyenera kupita pa khungu la wina. Tsono sindikunena kuti tibwerere ku lumo limodzi lometa mudzi wonse. Ndikufuna tione kanoledwe kake kokha, chifukwa achinyamata ambiri sanakaonepo.

Mmene lumo amanolera

Pali ntchito ziwiri zosiyana, ndipo wosadziwa amazisokoneza. Yoyamba ndi ya pamwala, yachiwiri ndi ya pachikopa.

Pamwala amalume ankapitapo mwa apo ndi apo, lumo likayamba kukoka ndevu m'malo mozidula. Ankayamba anyowetsa mwalawo ndi madzi. Kenaka ankagoneka lumo chafufumimba pamwalapo, kuti msana wake ndi mbali yake yometera zonse zikhudze mwala nthawi imodzi. Apa ndi pamene lumo limasiyana ndi mpeni kapena chikwanje. Ponola mpeni mumakweza msana wake pang'ono, koma lumo analisula mwakuti msana wake wokhuthalawo ndi umene umayeza kapendekedwe koyenera. Mukakweza msana, mwaononga ntchito. Ankalikankha mbali yometera ili patsogolo, ngati akufuna kusenga kachikhungu kopyapyala ka mwalawo. Akafika kumapeto ankalitembenuza pogubuduzira pamsana, kuti mbali yakuthwa isagunde mwala, n'kubwerera nalo chimodzimodzi. Mbali zonse ziwiri zinkalandira maulendo ofanana. Mphamvu sankaikapo. Ankanena kuti kulemera kwa lumo lokha n'kokwanira, dzanja ntchito yake ndi kuliperekeza.

Anthu amene amanola malumo masiku ano amakhala ndi miyala ingapo yolembedwa manambala. Wa 1000 ndi wokhakhala, wokonzera mbali yometera ngati yakumbika kapena yapindika. Wa 4000 umafafaniza mikwingwirima imene woyamba uja wasiya, ndipo wa 8000 ndi wosalala kwambiri, womalizira. Amalume anali ndi mwala umodzi wokha wosalala, koma lamulo linali lomwelo: suyamba kusalaza chitsulo chimene sichinawongoke. Ukalumpha ntchito yoyamba, lumo limanyezimira koma silimeta.

Pali ngozi inanso. Mwala umadya chitsulo. Ukapitiriza kunola lumo limene lathwa kale, kumapeto kwake kumapyapyala mopitirira muyeso mpaka kumakhala ngati kawaya, ndipo kawaya kameneka kamapindika kapena kuthothoka pometa koyamba. Ndiye kuti wonola ayenera kudziwa poyambira, ayeneranso kudziwa polekezera. Amalume ankayesa pa ubweya wa pamkono wawo. Ubweya ukadukira wokha popanda kukanikiza, ankapukuta lumo n'kubweza mwala m'kansalu.

Pachikopa ndiye ankapitapo asanamete munthu aliyense. Ankakoka lamba uja kuti akungike, n'kugoneka lumo chimodzimodzi, koma tsopano msana uli patsogolo, chifukwa ukatsogoza kuthwa udula lamba. Chikopa sichidya chitsulo ngati mwala. Ntchito yake ndi kuwongola ndi kusalaza kumapeto kwa lumo kumene kwapindika pang'ono ndi ndevu za munthu wapita uja. Zinkatenga kamphindi kochepa. Koma ankachita zimenezi nthawi zonse, ngakhale mzere utalike bwanji, ngakhale wina ang'ung'udze kuti akuchedwa. Madzulo ankaliumitsa bwinobwino, chifukwa dzimbiri limayambira pamalo opyapyala omwe aja.

Chifukwa chake lumo lobuntha limacheka

Ana amaganiza kuti lumo lakuthwa ndi limene limavulaza. Wometa aliyense akuuzani kuti loopsa kwenikweni pankhope ya munthu ndi lobuntha. Lumo lakuthwa limadula ndevu likangozikhudza, ndiye dzanja limayenda mopepuka. Lobuntha limakoka ndevu, limakakamira, ndipo wometa pofuna kuti ntchito itheke amayamba kukanikiza ndi kubwerezabwereza pamalo amodzi. Khungu limatupa, limawawa, kenaka lumo limaterereka n'kucheka. Mphamvu imene yasowa m'chitsulo imachokera m'dzanja, ndipo amene amalipira ndi mwini nkhope. Buku la Mlaliki pa mutu 10 ndime 10 likunena zomwezi za chitsulo chosanola, kuti mwini wake amafunika kuonjezera mphamvu. Mukawerenge nokha.

Pafupi ndi amalume panali wometa wina wachinyamata amene ankacheka anthu kawirikawiri. Mawu ake nthawi zonse anali akuti, "Ndevu zanu nzolimba, bambo." Amalume sankamuyankha pagulu. Koma tsiku lina ine nditabwereza mawu omwewo moseka, anandiuza kuti, "Mphwanga, ndevu zolimba zilipo, ndipo mankhwala ake ndi madzi ofunda ndi thovu la sopo ndi kudikira pang'ono. Koma wometa akacheka munthu, choyamba ayang'ane lumo lake."

Cholakwa changa

Nditamaliza maphunziro kukoleji ya aphunzitsi ndinatuluka ndili wakuthwa, monga mmene ambiri timatulukira. Ndinali ndi makope a makonzedwe a maphunziro olembedwa bwino. Zaka zitapita ndinasiya kukonzekera. Ndinkati masamu a Sitandade 5 ndawaphunzitsa kambirimbiri, palibe chachilendo. Ndinkalowa m'kalasi ndi makope akale aja, mapepala atafiira.

Tsiku lina ndikuphunzitsa masamu ogawa manambala aakulu, mnyamata wina wokhala kumbuyo anaimika dzanja n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, chifukwa chiyani timatsitsa nambala inayo?" Linali funso labwino. Ine ndinkadziwa kutsitsa nambala, koma kufotokozera mwana chifukwa chake ndinali nditaiwala, ngati ndinakudziwapo n'komwe. Ndinabwereza zomwe ndinanena poyamba, mokweza mawu. Iye anati sanamvebe. Ana ena anaseka. Ndinamva kutentha kumaso, ndipo ndinamuitana kutsogolo n'kumukwapula, ndikunena kuti ndi wachipongwe ndipo akufuna kusokoneza kalasi.

Mnyamata uja sanafunsenso funso chaka chonse. Anzake nawonso anaphunzira kuti m'kalasi mwanga kufunsa n'koopsa. Chaka chotsatira sanabwerenso kusukulu. Patapita zaka ndinakumana naye ku Chilomoni atasenza thumba la makala. Anatula thumba lija n'kundipatsa moni mwaulemu ndi manja awiri, osatchula kanthu za tsiku lija. Sindinganene kuti chikwapu changa ndicho chinamuchotsa pasukulu, pakuti masiku amenewo, sukulu yaulere ya 1994 isanayambe, ana ambiri ankasiya chifukwa chosowa fizi. Koma chimene ndikuchidziwa bwino ndi ichi: chifukwa chimene ndinanena pomukwapula chinali chabodza. Mwanayo sanali wachipongwe. Ine ndinali wobuntha, ndipo ndinakanikiza.

Ku Sande Sukulu sitigwira chikwapu, ndipo sitiyenera kutero. Koma dzanja lolemera lili ndi njira zambiri. Pali kukalipa. Pali kumuuza mwana kuti mutu wake ndi dzungu. Pali kuimiritsa kamtsikana kamene kalephera kuloweza ndime kuti anzake akaseke. Pali kuyankha funso lovuta ndi mawu akuti, "Zimenezo safunsa, khala pansi." Zonsezi zimasiya mabala amene saoneka, ndipo mwana wa ku Sande Sukulu ali ndi ufulu umene wa ku pulayimale alibe: akhoza kungosiya kubwera, makolo ake osadziwa chifukwa chake.

Mwina muli ndi zotsutsa

Wina anena kuti, "Akulu, kodi mukuti tisamadzudzule ana? Paja kuwongola mtengo m'poyamba." Ndikuvomera ndi mtima wonse. Wometa amene amaopa kudula ndevu si wometa. Mwana wakuba chopereka cha mnzake, mwana womenya ang'onoang'ono, mwana wotukwana, ayenera kudzudzulidwa momveka, ndipo mphunzitsi amene amangomusekerera akumulakwira. Alipo ndithu ana ovuta, monga ziliponso ndevu zolimba. Funso langa si lakuti tidzudzule kapena tisadzudzule. Funso ndi lakuti chidzudzulocho chikutumikira yani. Pali kudzudzula kumene cholinga chake ndi kuchotsa choipa mwa mwana, ndipo pali kudzudzula kumene cholinga chake ndi kubisa manyazi a mphunzitsi. Kunja ziwirizi zimaoneka zofanana, mawu ake angakhale amodzimodzi. Wodziwa kusiyana kwake ndi mphunzitsi yekha mumtima mwake, ndiponso mwanayo, chifukwa ana amazindikira msanga pamene akulangidwa pa mlandu wa wina.

Njira yodziyesera ilipo. Mukamva mtima ukutentha, dzifunseni ngati munakonzekera phunziro la lero. Dzifunseni ngati mukanakwiya chimodzimodzi mwanayo akanachita zomwezo muli awiriwiri, popanda ana ena oonerera. Ngati mkwiyo wanu ukufuna mboni, ndiye kuti chimene chapwetekedwa ndi ulemu wanu, osati khalidwe la mwana. Ndipo ngakhale kwa mwana wovutadi, kumbukirani madzi ofunda a amalume aja. Mwana amene wabwera wosadya, kapena amene usiku wamva makolo ake akumenyana, samva phunziro ngakhale mulikonze bwanji, kufikira mutayamba mwamufewetsa ndi moni, ndi kumutchula dzina, ndi kumufunsa za kunyumba.

Wina anenanso kuti, "Ife sitilipidwa. Sabata yonse tili kuntchito, kugeni, kumunda. Nthawi yokonzekera tiipeza kuti?" Zimenezi ndi zoona, ndipo sindikuzipeputsa. Mayi amene amadzuka m'bandakucha kukaoda tomato ku Limbe, madzulo n'kuphikira banja, sangakhale maola atatu akuwerenga. Koma apa ndi pamene kusiyana kwa mwala ndi chikopa kumatithandiza. Pamwala sitipitapo tsiku lililonse. Mwala ndi maphunziro a aphunzitsi amene mpingo kapena presbiteri imakonza nthawi ndi nthawi, ndipo akaitana tiyenera kupita. Chikopa ndi mphindi zochepa za tsiku lililonse: kuwerenga phunziro Lolemba m'malo mwa Lamlungu m'mawa muli panjira, kuliganizira mukuyenda kapena mukuchapa, kudzifunsa kuti mwana wa zaka 8 angafunse chiyani pamenepa, ndipo ine ndingamuyankhe bwanji ndi zinthu zimene amaziona ku Machinjiri kapena ku Bangwe. Kusalipidwa sikuchepetsa udindo, pakuti amene akhala pampando wathu ndi mwana wa munthu, ndipo makolo ake atikhulupirira monga mmene munthu amaperekera khosi lake kwa wometa.

Pali chotsutsa chachitatu, chimene ndinadzifunsa ndekha. Kodi mphunzitsi wokonzekera bwino ndiye kuti sangapweteke mwana? Ayi, angathe. Ndaona aphunzitsi odziwa zambiri amene nzeru zawo ankazigwiritsa ntchito pochititsa ana manyazi, oyankha funso la mwana m'njira yoti kalasi yonse ione kupusa kwake. Salimo 52 limafanizira lilime loipa ndi lumo lakuthwa, ndipo silikuliyamikira. Choncho kuthwa pakokha si ubwino. Kumangochotsa chifukwa chimodzi chokanikizira. Pamafunikabe dzanja la munthu amene akufunira mwini nkhope zabwino. Koma taonani kuti zosiyanazi sizifanana kulemera kwake: mphunzitsi wokonzekera akhoza kusankha kukhala wofatsa, pamene wosakonzekera, ngakhale ali ndi mtima wabwino, amapezeka wakanikiza asanaganize n'komwe.

Lumo silidzinola lokha

Chotsala ndi chovuta kuposa zonse. Lumo lobuntha silidziwa kuti labuntha. Ine ndinakhala zaka zingapo ndikudziyesa mphunzitsi wabwino. Amene anandithandiza anali mphunzitsi wamkazi wachitsikana, wongotuluka kumene kukoleji, amene anapempha kuonerera phunziro langa. Titatuluka anandifunsa mwaulemu kuti, "Bambo, ndaona kuti ana anu ndi achete kwambiri. Kodi safunsa mafunso?" Ndinakwiya mumtima sabata yathunthu. Ndinkati kamwana ka dzulodzuloka kandiphunzitsa chiyani. Koma akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Iye anaona chimene ife okhalitsa tinali titasiya kuchiona. Mawu ake anandikumbutsa mnyamata wa masamu uja, ndipo ndinatenga makope anga akale n'kuyamba kuwalemba mwatsopano.

Kunoledwa kumawawa chifukwa mwala umachotsa kanthu. Umachotsa kudzikhulupirira kwakuti ndikudziwa kale, ndipo kwa ife akuluakulu chimenechi ndi chinthu chimene timachikonda kwambiri. Miyambo 27 ndime 17 ikufanizira munthu ndi mnzake ndi chitsulo chonola chitsulo chinzake. Tsono mphunzitsi amene salola mnzake kukhala m'kalasi mwake, amene amakwiya woyang'anira Sande Sukulu akamuuza kanthu, wadzitsekera yekha njira yokhalira wakuthwa.

Koma inunso amene mukunola mnzanu, kumbukirani kanoledwe kaja. Gonekani lumo chafufumimba, musakweze msana: lankhulani naye monga mnzanu, osati monga woweruza. Musaikepo mphamvu. Mbali zonse zilandire mofanana: mukamuuza chimene chalakwika, mumuuzenso chimene wachita bwino, ndipo zonse zikhale zoona. Chitani zimenezi kumbali, osati pamaso pa ana. Ndipo dziwani polekezera. Ndinaonapo mphunzitsi wachinyamata wachangu amene akulu ena ankamukonza Lamlungu lililonse, lero mawu, mawa kavalidwe, mkuja nyimbo, kufikira anafika poopa kutsegula pakamwa, kenaka anasiya. Anamunola mpaka kumapeto kwake kunathothoka. Mfundo imodzi pa nthawi imodzi ndi yokwanira. Paja mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Amene mukumukonza lero ndi yemweyo amene adzakuuzeni inu mukadzayamba kukoka ndevu.

Tibwerere ku funso lathu. Mwana akalephera kumva, ife n'kumupweteka, cholakwa ndi cha yani? Kulephera kumva kungachokere kwa mwana, kungachokere kunyumba, kungachokere kwa ife. Koma kukanikiza kumachokera m'dzanja la mphunzitsi nthawi zonse, pakuti ndi iye amene wagwira lumo. Chifukwa chake, musanaweruze mwana, yambani mwayesa lumo lanu. Mukapeza kuti cholakwa chinali chanu, musachite manyazi kubwerera kwa mwanayo Lamlungu lotsatira n'kunena kuti, "Funso lako lija linali labwino, ndakaliganizira, yankho lake ndi ili." Ine mwayi umenewu ndinauphonya kwa mnyamata uja, ndipo thumba la makala lija ndimalionabe. Inu ana anu akadali pamaso panu.

Zoti mukambirane pa msonkhano wa aphunzitsi

1. Kumbukirani tsiku limene munakalipira mwana m'kalasi. Kodi tsiku limenelo munali mutakonzekera phunziro?

2. Kodi ana a m'kalasi mwanu amafunsa mafunso? Ngati safunsa, n'chifukwa chakuti amva zonse, kapena akuopa?

3. Ndani pakati pa aphunzitsi anzanu amene mungamupemphe kuti adzakhale m'kalasi mwanu mwezi uno, n'kukuuzani moona chimene waona?